Botolo la pakhola la nkhuku

Padangokhala amuna awiri apachibale. Wamkulu ankapalasa kabaza pakati pa Mandimba ndi Chiponde, wamng'ono ankalima fodya kwawo ku Massangulo, m'boma la Ngauma. Mayi awo anamwalira ali osaona, ndipo pamudzi pankamveka manong'onong'o akuti anachita kulodzedwa.

Chaka china awiriwa anakwera chapa kupita ku Cuamba, wamkulu akufuna magalasi owerengera. Dokotala wa maso atamva za mayi awo anati ayeze onse.

"M'diso mumayenda madzi, ndipo ali ndi ngalande yake yotulukira," anatero dokotala. "Ngalande zanu zikutsekeka pang'onopang'ono, madziwo akufinya mtsempha wopita ku ubongo. Diso labwino pamuyezo wathu siliposa 21. Inu bambo muli pa 30, ang'ono anuwa pa 28. Matendawa ndi glaucoma, ndipo amayenda m'magazi."

Atawafunsa ngati ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, anawapatsa timolol, dontho limodzi m'mawa, lina madzulo, moyo wonse. Anawauzanso kuti azibwera kudzayezetsa.

Wamng'ono sankadziwa kuwerenga wotchi. Anamangirira kabotolo kake m'kathumba pakhomo la khola. Potsekulira nkhuku, dontho. Pozitsekera, dontho, kenako n'kutsinzina, chala chitagwira pakona ya diso chakumphuno mpaka thadzi lomaliza litakhazikika. Mankhwala akatsala pang'ono, ankagulitsa tambala kuti apeze yokwerera.

Wamkulu anadontheza mwezi umodzi, botolo litatha basi.

"Achimwene, tiyeni tikatenge ena."

"Iwe, diso silikuwawa, silikufiira, silikutuluka manthongo. Ndisiye makasitomala kukafola pamzere chifukwa cha matenda osamveka m'thupi?"

Kunena zoona, ndani sakanamumvetsa? Msewu ankauwona bwinobwino. Zimene sankadziwa n'zakuti mbala imeneyi imayambira m'mphepete, ngati chiswe chodya nkhokwe kuchokera kunsi.

Zinadutsa mvula zisanu ndi imodzi. Tsiku lina anagunda mbuzi imene inatulukira chakumanzere, iye n'kulumbira kuti yachita kugwa kumwamba. Kenako anawomba mwana wasukulu. Anthu anasiya kukwera njinga yake. Dziko linali litamutsalira ngati akusuzumira m'bango.

Anabwerera ku Cuamba atagwira phewa la mng'ono wake.

"Adokotala, mundipale ngati mmene munachitira ndi aneba anga. Iwo aja akuonatu tsopano."

"Aja inali ng'ala, bambo. Ng'ala timachotsa, munthu n'kuonanso. Koma mtsempha ukafa sudzuka. Opaleshoni yotsegula ngalande ilipo, koma ntchito yake n'kuteteza katsalako."

Mkulu uja anakhala duu. Kenako anatembenuza mutu wonse, monga ankachitira masiku amenewo, kufunafuna pamene panali mng'ono wake.

"Iwe, pakhola pako paja pali malo a botolo lachiwiri?"

"Alipo, achimwene. Koma ulendo wamawa tibwere ndi achemwali athu, nawonso adzayezetse."