Wantchito wa Matalente Awiri

Malingaliro a Lamulungu la 33 pa Chaka

Fanizo la matalente, limene Mpingo ukuwerenga lero kuchokera mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo Woyera mutu 25, ndi lodziwika kwa mkhristu aliyense amene anakhalapo pa kalasi ya katekisimu. Munthu wina wachuma, pokonzekera ulendo wautali, anaitana antchito ake atatu n'kuwasungitsa chuma chake. Woyamba anampatsa matalente asanu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi. Maulaliki ambiri amakhazikika pa woyamba uja, amene anapindula kwambiri, kapena pa wotsiriza, amene anakumba dzenje n'kukwirira ndalama ya mbuye wake. Wapakatiyu satchulidwa kawirikawiri. Komatu ana ambiri a m'parishi muno amene analemba mayeso a Fomu 4 ali m'gulu lake. Sanalephere, koma maina awo sanamveke pa wailesi.

M'nyumba zambiri za m'tauni muno nkhaniyi imayenda chonchi. Mtsikana anayamba kutchedwa "Adokotala" akadali Sitandade 5, chifukwa ankakonda kumanga tinsanza pa zilonda za azing'ono ake. Dzinalo linamumatirira. Agogo ake kumudzi amamuitana choncho, anzawo a mayi ake kumphakati nawonso. Bambo ake anatenga ngongole kuntchito kuti amulipirire fizi ya sukulu yogonera komweko. Zotsatira za MSCE zitatuluka, mwanayo wapeza mapointi 17. Wakhoza ndithu, ndipo wakhoza bwino. Koma nsima ya madzulo ikudyedwa mwakachetechete ngati pagwa zovuta, ndipo mwanayo wayamba kuzemba Misa kuopa mafunso a pakhomo la tchalitchi. Funso limene aliyense ali nalo mumtima ndi limodzi: kodi ndi mapointi amenewa angasankhidwe kukachita udokotala?

Choona chake

Mpingo sungathandize mwana wotereyu pomunamiza. Pa mayeso a MSCE, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi a munthu amapezeka pophatikiza maphunziro 6 amene wachita bwino koposa, choncho wopambana kotheratu amapeza mapointi 6. Kuti munthu aganiziridwe m'mayunivesite a boma, amafunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi.

Khomo lalikulu la udokotala m'dziko muno ndi Kamuzu University of Health Sciences. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Wosankhidwa kuchokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenaka zaka 5 za udokotala weniweni, ndipo akamaliza amagwirabe ntchito moyang'aniridwa m'zipatala zikuluzikulu asanaloledwe kuima payekha. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ochuluka, ndipo ambiri mwa opikisanawo ndi aja anapeza mapointi otsika kwambiri. Choncho kwa mwana wa mapointi apakatikati mwayi ulipo wochepa. Kunena mosiyana ndi apa kungakhale kumukonzera misozi ina.

Chinthu china chimene mabanja ambiri sachiyang'ana n'chakuti chiwerengero cha mapointi sichinena zonse. Ofuna udokotala amayang'anidwa kwambiri pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Ana awiri akhoza kukhala ndi mapointi ofanana, wina mphamvu zake zili pa sayansi, wina zili pa Chichewa, History ndi Bible Knowledge. Pa khomo la udokotala awiriwa sali pamzere umodzi. N'chifukwa chake banja liyenera kukhala pansi ndi pepala la zotsatira, kuliwerenga phunziro ndi phunziro, osati kungogwira nambala imodzi n'kuyamba kulira kapena kulota.

Zimene wapakatiyu sanachite

Talente sinali ndalama yaing'ono. Inali yokwana malipiro a munthu waganyu a zaka zoposa 15. Wantchito wa matalente awiri sanali wosauka ayi. Anangolandira zochepa poyerekeza ndi mnzake. Mthenga Wabwino sunena kuti iye anadandaula, kapena kuti anapita kukawerenga ndalama za mnzakeyo. Anatenga zake n'kuyamba nazo ntchito. Mbuye uja atabwera, anayamikira antchito awiri oyambawo ndi mawu ofanana ndendende, ndipo onse anawalowetsa m'chimwemwe chimodzi. Pa mlandu umenewu panalibe nambala wani ndi nambala thu. Anadzudzulidwa ndi mmodzi yekha, osati chifukwa cholandira zochepa, koma chifukwa mantha anamuchititsa kukwirira zimene analandira.

Kukwirira kulipo kwamitundumitundu. Pali mnyamata amene, ataona kuti udokotala wavuta, amakana china chilichonse. Chaka chimatha, chachiwiri chimatha, iye ali pampando ndi foni m'manja, satifiketi ili mu sutikesi. Ameneyo wakumba dzenje. Pali kholo limene limakana kuti mwana akachite unamwino chifukwa linauza kale abale ndi anansi kuti m'banjamo mutuluka dokotala. Limenelo likukwirira talente ya mwana pofuna kusunga ulemu wake.

Palinso kukwirira kumene kumaoneka ngati kuchitapo kanthu. Dziko lino silinaiwale chaka cha 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anayenera kulembanso mu Januwale 2021. Likasa limabera ana oona mtima, ndipo likadzalowetsa munthu m'chipatala, limabera odwala moyo. Chimodzimodzi akamberembere amene amaimba foni nyengo ya chisankho, kunena kuti ali ndi munthu wawo m'kati ndipo malo apezeka banja likatumiza kangachepe. Mkhristu wopereka ndalama zoterezi wachimwa kawiri: wafuna kulanda malo a mwana wa mnzake, ndipo waphunzitsa mwana wake kuti chitseko chimatsegulidwa ndi chiphuphu. Ena amathamangira kwa alaliki ogulitsa zolembera zodzozedwa ndi madzi a mwayi. Pemphero ndi lofunika pa zonse, koma Mulungu sagulidwa, ndipo pemphero silinaikidwe kuti lilowe m'malo mwa buku la Chemistry. Limapatsa munthu mtima woona choona ndi mphamvu zoyambiranso.

Kuchita malonda ndi matalente awiri

Njira zoona zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kudzaza fomu mwanzeru. Chisankho cha m'mayunivesite a boma chimadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, ndipo wofunsira malo amaloledwa kutchula maphunziro angapo motsatana. Palibe cholakwa kuika udokotala poyamba ngati maphunziro a sayansi ali bwino. Cholakwa ndi kudzaza mizere yonse ndi maphunziro olimbiranidwa kwambiri, n'kutsala wopanda kanthu. Mwana awerenge yekha zofunika pa phunziro lililonse monga zalembedwera m'chilengezo cha chaka chimenecho, afunse aphunzitsi ake akale, afunsenso amene ali kale m'sukuluzo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Yachiwiri ndi kubwereza Fomu 4. Si chamanyazi, ndipo alipo ambiri amene anachita bwino ulendo wachiwiri. Koma kubwereza kumathandiza amene wadziwa chimene chinamugwetsa. Ngati vuto linali kusowa labotale, matenda, maliro kapena kuthamangitsidwa chifukwa cha fizi, chaka china chikhoza kusintha zinthu. Ngati mwana anachita zonse zimene akanatha ndipo Physics inakanabe, kumubwezera m'kalasi kachitatu ndi kachinayi n'kumuzunza. Apa pamafunika kuona mtima kwa kholo ndi mwana yemwe.

Yachitatu ndi kuzindikira kuti chipatala si dokotala yekha. Wodwala wofika ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central usiku amadutsa m'manja ambiri: namwino womuyeza, wa ku labotale woona magazi, wojambula, wopereka mankhwala. M'zipatala za m'maboma ndi za kumidzi, amene amaona odwala ambiri tsiku ndi tsiku, ngakhale kuchita opareshoni amayi ovutika pobereka, kawirikawiri ndi ma clinical officer. Anthu amenewa amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ndi m'sukulu zina za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM. Mpingo wa Katolika uli ndi sukulu zake zophunzitsa za umoyo: St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona m'boma la Nsanje, St John's ndi St John of God ku Mzuzu. Nakonso kumafunika makirediti a sayansi, nakonso kuli mpikisano ndi fizi, choncho asapiteko munthu ndi mtima woti akungopumirako. Koma khomo lake n'lotakasukirapo, ndipo amene wayamba ndi dipuloma akhoza kudzapitiriza maphunziro ali pantchito. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Oyera awiri a mwezi uno

M'mwezi uno wa Novembala Mpingo umakumbukira anthu awiri amene anatumikira odwala. Pa 16 Novembala ndi tsiku la Giuseppe Moscati Woyera, dokotala wa mumzinda wa Naples ku Italy, amene anabadwa mu 1880 n'kumwalira mu 1927. Iyeyu anali wa matalente asanu: anamaliza maphunziro a udokotala mu 1903 mopambana kwambiri, anaphunzitsa madokotala ena, ndipo ankaona amphawi osawalipiritsa. Phiri la Vesuvius litaphulika mu 1906, anathamangira kukatulutsa odwala m'chipatala china denga lisanagwe. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza kukhala woyera mu 1987.

Pa 3 Novembala ndi tsiku la Martin de Porres Woyera, wa mumzinda wa Lima ku Peru, amene anabadwa mu 1579 n'kumwalira mu 1639. Mayi ake anali munthu wakuda womasulidwa ku ukapolo, ndipo malamulo a nthawi imeneyo ankatsekera anthu a khungu lake zitseko zambiri. Sanapite ku yunivesite. Ali mnyamata anaphunzira kwa mmisiri wometa tsitsi, amene masiku amenewo ankatsukanso zilonda ndi kupereka mankhwala. Analowa m'nyumba ya chipani cha Dominiko Woyera ngati wantchito wosesa, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo wosamalira odwala, ntchito imene anaigwira mpaka imfa yake. Papa Yohane wa 23 anamulengeza kukhala woyera mu 1962.

Wina anali ndi digiri, wina anali ndi tsache ndi beseni la madzi. Mpingo umawapatsa ulemu wofanana paguwa. Oyera awiriwa akusiyira wachinyamata aliyense wolakalaka udokotala funso loti alisinkhesinkhe pamaso pa Ukaristia: kodi chimene mtima wake ukufuna ndi dzina loti "Adokotala", kapena ndi odwalawo? Ngati ndi dzina, khomo ndi limodzi, ndipo likatsekeka zonse zatha. Ngati ndi odwala, Ambuye Yezu ali ndi makomo ambiri olowera kwa iwo. Ndipo Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzali, pa chaka cha Khristu Mfumu, udzakumbutsa kuti pa tsiku lomaliza anthu adzafunsidwa ngati anayendera odwala, osati mapointi amene anapeza.

Ntchito ya makolo ndi mphakati

Mwana amene wakhumudwa ndi zotsatira amayang'ana nkhope ya kholo lake asanayang'ane china chilichonse. Mawu akuti "ndalama zanga zapita pachabe", kapena kumuyerekeza ndi mwana wa anansi, amalowa mozama kuposa m'mene kholo limaganizira. Ana ena amafika potaya mtima mpaka kuganiza zodzichotsa moyo. Kholo likaona mwana wasiya kudya, akudzitsekera m'chipinda, kapena akuyankhula ngati wotsanzika, lisadikire. Likhale naye pansi, limuuze kuti iye ndi wamtengo wapatali kuposa satifiketi, ndipo lifunefune thandizo kwa Bambo Mfumu, kwa asisteri kapena kuchipatala.

Mphakati nawo uli ndi gawo lake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'mabenchi a tchalitchi lino mumakhala anamwino, azamba, madokotala, aphunzitsi a sayansi ndi ogwira ntchito m'malabotale. Nzeru zawo ndi talente imene nawonso anasungitsidwa. Ola limodzi lokhala ndi mwana wa Fomu 3, kumufotokozera maphunziro ofunika asanafike pa mayeso, likhoza kumupulumutsa ku chaka chathunthu cha misozi. Mabungwe a m'parishi amene amasonkha ndalama za yunifomu ndi maulendo aganizirenso za mwana amene wapeza malo ku sukulu ya unamwino koma fizi yamukanika. Ndipo pakhomo la tchalitchi, m'malo mofunsa kuti "mwapeza angati?", akhristu aphunzire kufunsa kuti "mukuganiza zotani, nanga tingathandizepo chiyani?"

Mbuye wa m'fanizo uja anachedwa kubwera, koma anabwera. Sanafunse wapakatiyu chifukwa chimene sanabweretsere khumi. Anayang'ana awiri amene anampatsa, n'kuona kuti asanduka anayi, ndipo anakondwa.

Mulungu Atate, amene amagawira aliyense monga mwa nzeru zake, alimbitse mtima achinyamata onse amene akudikira chisankho. Apatse makolo mawu omanga, achotse mantha mwa amene agwa mphwayi, ndipo kudzera m'mapemphero a Amayi Maria, a Giuseppe Moscati Woyera ndi a Martin de Porres Woyera, adzutse m'parishi muno atumiki okhulupirika a odwala. Amen.