Phwando Likatha, Mkwatibwi Amatsala ndi Ndani?

Pali funso limene landikhala pamtima kwa zaka zambiri, ndipo ndapempha malo pano kuti tiliganizire limodzi m'magulu athu. Ukwati ukachitika, nyimbo zikatha, alendo akabalalika, kodi mkwatibwi tili naye ndi udindo wotani? Ndipo mwambo wa ukwati tiziuyesa ndi muyeso uti kuti tidziwe ngati ndi wosunga kapena wotaya?

Funsoli linandibwerera ndikadali pa ntchito ya unamwino. Tsiku lina tinalandira mayi wa ku Somalia wochokera ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, amene anabwera kudzachira. Anakhala nafe masiku angapo, ndipo kudzera mwa wachibale wake womasulira anandifotokozera za ukwati wa kwawo. Zimene ndinamva, ndi zimene ndinaona ndi maso anga m'chipinda chochirira, ndizo ndikufuna tiphunzirepo.

Asomali pafupifupi onse ndi Asilamu, choncho ukwati umamangidwa pamaso pa shehe ndi mboni, mwambo umene iwo amautcha nikaax. Pamenepo mwamuna amalonjeza mphatso yotchedwa meher. Mphatsoyi si ya bambo ake a mkazi kapena amalume ake ayi. Korani, m'sura 4 ndime 4, imalamula kuti iperekedwe kwa mkazi mwini wake. Nthawi zambiri siperekedwa yonse tsiku lomwelo, koma imakhala ngongole pamutu pa mwamuna, ndipo banja likatha kapena mwamuna akamwalira mkazi ali ndi ufulu woilandira. Palinso chuma china chopita kwa makolo, chimene kale chinkakhala ngamila, ndipo makolo a mkazi nawonso amabweza ndi katundu woyambira nyumba.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi masiku 7 otsatira ukwati. M'masiku amenewa mkwati ndi mkwatibwi amakhala panyumba, osapita kukagwira ntchito. Achibale achikazi ndiwo amaphika ndi kusamala pakhomo. Chiphunzitso cha Chisilamu chimagwirizana nazo, chifukwa mbiri ya zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad imati mwamuna wa mitala akakwatira namwali akhale naye masiku 7, ndipo akakwatira amene anakwatiwapo kale akhale naye masiku 3, asanayambe kugawa masiku. Masikuwo akakwana, amayi amasonkhana pa mwambo wa shaash saar. Amaimba ndakatulo zawo za amayi zotchedwa buraanbur, ndipo mmodzimmodzi amaika duku pamutu pa mkwatibwi, kutanthauza kuti tsopano walowa m'gulu la amayi apabanja.

Kumpoto kwa dziko la Asomali ndi ku Djibouti kulinso mwambo wa xeedho. Mayi wa mkwatibwi amakonza nyama yangamila youmitsa, yokazinga m'mafuta a mkaka, naiika m'chotengera chosema, nachikulunga bwinobwino ndi kuchimanga ndi zingwe, nsonga zake atazibisa. Akuchimuna ayenera kumasula modekha, osadula. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika mwambowu pa mndandanda wa miyambo yofunika kuiteteza msanga kuti isathe. Ine ndikaganizira zingwe zija ndimaonamo phunziro kwa mkamwini: chimene wapatsidwa chinakonzedwa ndi manja osamala, usachigwire mwankhaza.

Amayi, izi si zachilendo kwa ife owerenga Baibulo. Pa Genesis 29 Labani anauza Yakobo kuti atsirize kaye sabata la ukwati wa Leya. Pa Oweruza 14 phwando la ukwati wa Samsoni linatenga masiku 7. Ndipo Deuteronomo 24:5 akupitirira pamenepo: mwamuna amene wangokwatira asatumizidwe kunkhondo, akhale panyumba chaka chathunthu kuti akondweretse mkazi wake. Anthu akale ankadziwa kuti banja latsopano lili ngati mbande yongookedwa kumene, yofuna mthunzi ndi madzi.

Masiku ano ana athu amakonda hanimuni. Amene ali nazo amapita kunyanja awiriwiri, ndipo Asomali a m'mizinda ndi okhala kunja nawonso ayamba kutero. Palibe tchimo pamenepo. Awiriwo amafunikadi kukhala okha, pakuti paja timati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Komabe pali kusiyana. Pa hanimuni awiriwo amachoka pakati pa anthu, ndipo amalipira ndalama kuti alendo awatumikire. Pa masiku 7 aja abale ndiwo amasenza ntchito kuti awiriwo apume. Wosauka sangakwanitse hanimuni, koma wosauka aliyense amene ali ndi abale angalandire sabata lopuma.

Tsono ndisakubisireni mbali ina, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayi uja anavutika kwambiri pochira chifukwa ali mwana anamuchita mdulidwe wa akazi, wa mtundu umene amadula kenaka n'kusoka, kusiya kampata kakang'ono. Kafukufuku wa zaumoyo wa ku Somalia wa 2020 anapeza kuti amayi 99 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitidwa mdulidwe wa mtundu wina. Kwa mtsikana wosokedwa, masiku oyamba a ukwati amakhala a ululu ndi magazi, ndipo pochira pamakhala ngozi yong'ambika, kutaya magazi ambiri ndi kuchedwa kwa mwana panjira. Amene amamutengera mwana kwa wodula ndi amayi ake ndi agogo ake, omwewo amene adzamuveke duku ndi nyimbo. Samachita chifukwa chodana naye. Amaopa kuti akapanda kutero sadzakwatiwa.

Tisafulumire kunena kuti ndi chipembedzo chawo. Korani silamula zimenezi, ndipo Asilamu a maiko ambiri sachita. Malamulo aakulu a Somalia a 2012 analetsa mdulidwewu, ndipo mu 2018 akuluakulu a zachipembedzo m'boma la Somaliland analengeza chiletso cha mtundu wosoka uja. Amene amenya nkhondoyi kwambiri ndi amayi a Chisomali eni ake. Mmodzi wa iwo ndi Edna Adan Ismail, namwino ndi mzamba, amene anatsegula chipatala cha amayi ku Hargeisa mu 2002, nalandira mphotho ya Templeton mu 2023. Iye sanataye mtundu wake kapena chikhulupiriro chake. Anangokana kuti mwana apwetekedwe m'dzina la ulemu.

Apa ndipo ndinapeza yankho la funso langa lachiwiri. Mwambo tisauyese ndi ukalamba wake, kapena ndi kukongola kwa nyimbo zake, kapena kuti ndi wathu kaya wa eni ake. Tifunse kuti: kodi munthu wopanda mphamvu kwambiri pamwambopo, umamusiya bwanji? Pa ukwati munthu ameneyo kawirikawiri ndi mkwatibwi. Meher imamusiyira chuma m'manja mwake. Masiku 7 amamupatsa mpumulo. Duku limamupatsa amayi oti awadalire. Kusoka kumamusiyira bala la moyo wonse. Mtundu umodzi, miyambo ina yosunga, wina wotaya.

Muyeso womwewu titembenuzire kwa ife. Timathera miyezi kukonzekera zovala, keke ndi perekaniperekani, ena mpaka kulowa ngongole imene banja latsopano limayamba nayo. Pa chilangizo timauza mwana kuti banja ndi kupirira, osamuuza kuti pali zina zosayenera kupirira, ndi kuti akakumana nazo athawire kwa yani. M'madera ena mtengwa amadzuka m'mamawa kutacha ukwati kukasesa ndi kutunga madzi, apongozi akuyang'ana ngati ndi waulesi. Ndipo ife a mpingo tikavula yunifomu madzulo a tsikulo, ndi angati timabwererako patatha sabata kukafunsa kuti, "Mwana wanga, ukukhala bwanji?"

Ndikupempha gulu lililonse likambirane izi pamsonkhano wotsatira. Mwana wa mumpingo mwathu akakwatiwa, tisankhe amayi awiri okhwima ndi osunga chinsinsi. Sabata loyamba amutumizire chakudya chophika. Sabata likatha apite kukamuona, amupempherere, amufunse ali yekha za thupi lake ndi mtima wake, ndipo ngati pali chofuna chipatala amuperekeze. Abwerekonso patatha mwezi, ndiponso patatha chaka. Izi sizifuna ndalama zambiri, zifuna miyendo ndi makutu athu.

Mayi uja anatuluka m'chipatala ali bwino, atanyamula mwana wamkazi. Ndimamukumbukira m'mapemphero, iye ndi mwanayo. Ambuye akudalitseni nonse pa utumiki wanu.