Wapolisi Akatiimitsa pa Msewu: Kumvera Kapena Kuopa?

Ambiri a ife muno mu Rotherham tipita ku ntchito usiku pa galimoto, ndipo nyali za South Yorkshire Police zikawala kumbuyo kwathu pa msewu wa M1, mtima ugunda. Tsono tifunsane: kodi Mkhristu amvere kufikira pati?

Lamulo la misewu la 1988 lipatsa wapolisi wovala yunifolomu mphamvu yakuimitsa galimoto iliyonse, ndipo kukana kuima ndiwo mlandu. Akhoza kufunsa laisensi, inshuwalansi ndi chikalata cha MOT. Ngati sitinatenge, tipatsidwa masiku 7 kuti tikazionetse ku polisi. Laisensi ya ku Malawi igwira ntchito miyezi 12 yokha chikhazikikire m'dziko muno. Woyendetsa wopanda inshuwalansi alipitsidwa £300, ndipo galimoto yake ikhoza kulandidwa. Zimenezi tizimvere, pakuti zitchinjiriza moyo wa mnzathu woyenda pansi.

Koma lamulo limanganso wapolisiyo. Mwa lamulo la 1984, pofuna kusecha galimoto ayenera kukhala nacho chifukwa chomveka, nanene dzina lake, polisi imene achokera, ndi chimene afunafuna. Tikamangidwa, loya ndi womasulira aperekedwa kwaulere.

Ena ati, "Ndife alendo, tingokhala chete." Koma Paulo amene analangiza Aroma kumvera olamulira ndi yemweyo amene ku Yerusalemu anafunsa kenturiyo ngati nkololeka kukwapula Mroma asanaweruzidwe. Iye anagonjera ulamuliro, koma sanalole kuti wolamulira aponde lamulo. Chotero kufunsa mwaulemu sindiko chipongwe ai. Kuthandiza wapolisi kuti achite cholungama.

Mantha ndiwo atichimwitsa. Wamantha atchula dzina la mnzake wogona naye chipinda chimodzi, kapena apisa dzanja m'thumba kuti apereke "ya Fanta". Kuno lamulo la 2010 lilola kuti wopereka chiphuphu amangidwe kufikira zaka 10. Pamenepo ntchito yatha, ndipo ana kumudzi asowa fizi, chifukwa cha nkhani imene ikadatha ndi faindi.

Tsono, abale, tiime pabwino, tizimitse injini, tinene dzina lathu lenileni, tifunse chimene sitinamve. Wapolisi ndi ife tonse tili pansi pa lamulo limodzi, ndi pamaso pa Mulungu mmodzi. Ambuye atisunge pa maulendo athu.