PHUNZIRO 31: KAMWANA KA NKHOSA NDI URIYA

Abale anga akatekumeni, mverani nkhani ya mfumu Davide, imene yalembedwa m'Buku Laciwiri la Samuele, mutu 11 ndi 12.

Davide anasirira mkazi wa msilikali wace Uriya, nacimwa naye. Pofuna kubisa cimo lace, analamula kuti Uriya amuike patsogolo pa nkhondo, pamalo poopsa, ndi kuti anzace amsiye yekha. Uriya anafa. Uthenga wa imfayo utafika, Davide sanalire. Anangotumiza mau kwa Yowabu, mkulu wa asilikali, kuti asavutike mtima, pakuti kunkhondo anthu amafa. Pamenepo Mulungu anatuma mneneri Natani. Natani sanayambe ndi dzina la Uriya ai. Anasimba za munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene anakalera m'nyumba pamodzi ndi ana ace. Munthu wina wolemera, mwini ziweto zambiri, atalandira mlendo anaumira zace, nalanda kankhosa kaja, nakapha. Davide pakumva izi anapsa mtima kwambiri, nalumbira kuti wocita zotere ayenera kufa, ndiponso abweze nkhosa zinayi. Ndipo Natani anamuuza poyera kuti munthu wolemerayo anali iye mwini.

Taonani bwino. Mtima wa Davide sunali mwala. Cifundo cinalimo, ndipo cinadzuka msanga cifukwa ca nkhosa ya m'fanizo. Koma pa mtembo wa munthu amene anamtumikira mokhulupirika, cifundo comweco cinagona tulo. Nthenda imeneyi sinafe pamodzi ndi Davide.

M'caka ca 2015, ku Zimbabwe, pafupi ndi nkhalango yosungiramo nyama ya Hwange, mlenje wocokera ku America analasa ndi mubvi mkango wina umene anthu anaupatsa dzina lakuti Cecil. Mkangowo unali wa zaka 13, ndipo unali ndi lamba m'khosi amene anthu ophunzira a ku Oxford anaumanga kuti azidziwa mayendedwe ace. Unazunzika ndi bala kwa maola ambiri usanafe. Mbiri inawanda m'maiko onse. Manyuzipepala analemba, anthu analira, ena anakasonkhana mwaukali pakhomo pa nyumba imene mlenjeyo ankagwirira nchito, ndipo ndalama zambiri zinasonkhedwa zotetezera mikango. Anthu amene sanapondepo dziko la Africa anadziwa dzina la mkango umenewu.

Tsono bwerani kuno kwathu. Pa 24 Março 2020, m'nyengo ya Kwarezima, pa Mussacama m'cigawo ca Tete, pamene amayezera kulemera kwa magalimoto, anaimitsa galimoto lalikulu la katundu locokera ku Malawi. Anamva kugogoda m'kati mwa bokosi lacitsulo. Atatsegula, anapezamo anthu 78 a ku Ethiopia: 14 anali amoyo, 64 anali atafa cifukwa cosowa mpweya. Anali paulendo wokafuna nchito ku Joni, monga momwe makolo athu ambiri ankapitira ku migodi. Nkhaniyi inamveka pa wailesi masiku owerengeka, kenaka mbiri ya matenda a Covid-19, amene anali atangofika kumene m'dziko lathu, inaikwirira. Ndikufunsani: ndani mwa inu adziwa dzina la mmodzi wa anthu 64 aja? Komatu aliyense anali ndi mai amene anambereka kumbuyo, ndipo Mulungu adziwa maina ao onse.

Kodi zimenezi zimacitika bwanji? Mwina cifukwa mkango unali umodzi, wa dzina ndi cithunzi, pamene anthu aja anafika m'makutu mwathu ngati ciwerengero cabe, ndipo ciwerengero ciribe nkhope yoti munthu nkuilirira. Koma cifukwa cacikulu ciri mumtima. Nyama sitiiweruza, timati njosalakwa. Pamene munthu agwa m'tsoka, msangamsanga timafunafuna pamene analakwira. Timati, «Anakwereranji m'bokosi? Anadziputira okha.» Tikatero mtima umapepuka, ndipo timapitiriza ulendo wathu. Ndiponso kumvera cisoni mkango wakufa sikulanda kanthu m'nkhokwe mwako. Mkango sudzabwera pakhomo pako kudzapempha ufa, kapena malo ogona, kapena kuti ukaucitire umboni kubwalo. Munthu wovutika ndiye amabwera, ndipo amabweranso mawa.

Musaganize kuti Eklezia aphunzitsa kuzunza nyama. Iai. Nyama ndi zolengedwa za Mulungu, ndipo Fransisko Woyera wa ku Assisi anazikonda monga abale. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'caka ca 1992, aphunzitsa kuti kuzunza nyama popanda cifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu mwini. Mnyamata wothyola mwendo wa galu pongosewera, kapena mlimi wokwapula ng'ombe ya ngolo mpaka kutuluka magazi, acita coipa ndithu. Koma Katekisimu yemweyo acenjezanso kuti cikondi coyenera anthu tisacipereke kwa nyama, ndi kuti cuma coyenera kuyamba cathandiza anthu osauka cisathere pa nyama. Papa Fransisko, m'kalata yace yonena za cilengedwe ya 2015, caka comwe mkango uja unaphedwa, anadzudzula anthu omenyera nkhondo nyama zimene zikutha koma osalabadira za kugulitsidwa kwa anthu anzao. Munthu yekha ndiye analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu, ndipo Mwana wa Mulungu anadzakhala munthu.

Kapena mukuti mumtima, «Izo nza azungu, ife mkango sitiulirira, umatithera ng'ombe.» Nzoona. Koma musafulumire kuloza cala, pakuti Natani ali pakhomo pathu ifenso. Ng'ombe ikadwala m'mudzi, amuna amasiya makasu nathamangira kukhola, wina ndi mcere, wina ndi mizu. Mbuzi ikabedwa, mlandu ufika kwa anyakwawa tsiku lomwelo. Nanga nkhalamba ija imene anthu ayamba kuinong'oneza kuti ndi mfiti, yagona masiku angati osasonkha moto, ndipo anakaizonda ndani? Mkazi amene amalira usiku uliwonse pomenyedwa ndi mwamuna wace, timamva mfuu yace, koma timati nza m'banja. Mwana wamasiye amaweta ng'ombe za amalume ace dzuwa lonse. Madzulo mwini khola awerenga ng'ombe mosamala, osafunsa ngati mbusa wadya. Kwa azungu aja cinali cisoni, kwa ife kawirikawiri ndi cuma, koma munthu wasiyidwa pambuyo cimodzimodzi.

Ambuye Yesu anakumana nazo zomwezi. M'dziko la Agerasa anaciritsa munthu wogwidwa ndi mizimu yoipa, amene ankakhala kumanda nadzitema ndi miyala. Mizimuyo inalowa m'nkhumba ngati 2,000, ndipo zinamira m'nyanja. Anthu atafika, anaona mnzao atakhala pansi, atavala, nzeru zace zitabwerera. Sanakondwere ai, anapempha Yesu kuti acoke m'dziko lao. Werengani Marko, mutu 5. Tsiku lina la Sabata anawongola mai amene anali wopindika msana zaka 18, ndipo mkulu wa sunagoge atakwiya, Ambuye anawakumbutsa kuti iwo omwe amamasula ng'ombe ndi abulu ao pa Sabata kukawamwetsa madzi. Werengani Luka, mutu 13.

Inu mukukonzekera Ubatizo wa usiku wa Paska. Pa usiku umenewo wansembe adzakuchulani dzina, aliyense lace, pothira madzi pamutu panu. Musanafike pamenepo, citani ici sabata ino. Pa pemphero la madzulo, pemphererani mizimu ya anthu 64 a pa Mussacama. Kenaka ganizirani munthu mmodzi wa m'mudzi mwanu amene mwakhala mukumlambalala, makamaka amene mumati mavuto ace anadziputira yekha. Pitani kwace, mulonjereni ndi dzina lace, khalani pansi, mufunse zimene akusowa. Ngati ndi nkhuni, kamtemereni. Ngati ndi denga, itanani anzanu a m'kalasi muno. Lamulungu likudzali, itatha Misa, katekisti adzafunsa aliyense wa inu kumene anapita ndi zimene anakapezako.