Wapaulendo: Munthu Kapena Katundu?

Inu a m'tauni, mukamakwera basi pa Wenela mu Blantyre muja, kodi mumadziwa kuti dzina limenelo linali chipata cha ku Joni? Inetu ndinalimva koyamba kwathu ku Lungwena, pamsewu wochoka ku Mangochi kudzera ku Malindi kulowera kwa Makanjira. Ankalitchula ndi malemu agogo anga, amene ife tinkawaitana kuti ambuje. Sukulu yawo inathera ku madrasa, koma ndege anaikwera, pamene ine wa dipulomane mpaka lero ndimangoionera m'mwamba.

Nkhani yawo inali imodzimodzi, ndipo ankaikamba uku akusoka ukonde. Dzuwa linawatulukira ali pa Chileka, atayezedwa kale pasikelo, dokotala atawapima m'chifuwa, chala atadinda papepala. Ndege inawatula ku Francistown, m'dziko la Botswana. Kumeneko anawafoletsa n'kuwakweza sitima ya pamtunda, usiku wonse ali gudugudu, kudzera ku Mafeking mpaka ku Johannesburg.

"Mdzukulu wanga," ankatero, "m'mawa ndinali mbalame, madzulo ndinali bongololo, koma tsiku lonselo palibe anandifunsa dzina. Ankangoitana nambala."

Akatero ankaseka. Ine m'pamene ndakula kusekako kwandithera, chifukwa mawu amenewa andisiyira funso: chabwino n'chiti, kuwerengedwa ngati katundu, kapena kusawerengedwa n'komwe?

Tinene zoona, paulendo wa Wenela munthu sankasowa chisawawa. Ankawerengedwa pokwera, ankawerengedwa potsika, chakudya ankalandira. Koma si chikondi chimenecho ayi. Thumba la chimanga nalonso amalisamala kuti lisanyowe, poti lili ndi mtengo wake. Eni migodi ankafuna mikono, ndipo munthu ankangotsagana ndi mikono yakeyo.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka pa Francistown, ikubweza anthu kumudzi atamaliza kontirakiti. Anthu 78 anafa, 74 mwa iwo Amalawi. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, panthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Ulendowu unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, n'kudzathera mu 1988 pamkangano woyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka Edzi. Koma taonani chinthu ichi: nambala ya 74 ija tikuidziwa chifukwa anthuwo analembedwa m'kaundula. Dongosolo lomwe linawachotsera maina ndi lomwenso linachititsa kuti imfa yawo isabisike.

Tsono bwerani ku Lungwena lero. Msuweni wanga anagulitsa ukonde wa bambo ake, n'kupereka ndalama kwa mkulu wina wodutsitsa anthu m'zipata. Njira yake ndi ya pansi: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Palibe anamukweza pasikelo, palibe anamupatsa nambala. Ndi mfulu ndithu. Koma tinakhala masabata awiri osamva kanthu, mayi ake chakudya osachikhudza, ndipo panalibe ofesi yoti n'kukafunsako. Mwamwayi anafika. Si onse amafika. Mu March 2020 anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole m'chigawo cha Tete, lole yochokera kuno ku Malawi. Sanali abale athu, koma msewuwo ndi womwewo umene ana athu amadutsa.

Ena anena kuti, "Basi, kale kunali bwino." Ine ndikukana. Kulakalaka nambala chifukwa ufulu walemera kuli ngati mbuzi yolira chingwe poti kutchire kuli afisi. Enanso anena kuti, "Bola lero, munthu amasankha yekha." Nawonso ndiwafunse: mnyamata amene nyanja yamumana chambo, munda wamumana chimanga, n'zoona kuti wasankha? Ufulu woti ukasowa palibe akufunefune ndi ufulu wopunduka.

Maulendo awiriwa kulakwa kwake n'kumodzi: onse amaona phindu la munthu, osati munthuyo. Ndipo apa, abale anga, tisafulumire kuloza chala azungu a migodi kapena odutsitsa anthu aja, chifukwa nafenso otsala kumudzi timawerengera. Ambuje atabwera, mudzi unawerenga njinga, wailesi, bulangeti ndi sutikesi. Chifuwa chimene anabwera nacho palibe anachiwerenga. Lero timawerenga malata, njinga yamoto ndi marandi. Mu 2008 ndi mu 2015, boma litatumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, ambiri anatsika chimanjamanja. Kodi tinawalandira ngati opulumuka, kapena ngati olephera? Dzifunseni bwino. Machona ambiri satchona chifukwa choiwala kwawo. Amatchona chifukwa cha manyazi, podziwa kuti sikelo ina ikuwadikira pakhomo pa mayi awo.

Za mapasipoti ndi mapangano a ntchito pakati pa maiko, zimenezo n'za boma, ndipo tizilikumbutsa kosatopa. Koma pali gawo lathu limene silifuna nduna kapena Nyumba ya Malamulo. Makolo anatisiyira malonje abwino kwabasi: mlendo amapatsidwa mpando ndi madzi, kenako n'kufunsidwa kuti, "Mwayenda bwanji?" Funso limeneli limayang'ana nkhope, siliyang'ana sutikesi.

Msuweni wanga akuti abwera Ramadani ikubwerayi. Akadzatsika matola pa Lungwena ndidzamuitana ndi dzina lake lonse, ndidzamufunsa za ulendo, ndipo maso anga ndidzawaletsa kuthamangira pachikwama. Kunena n'kosavuta. Inenso ndinamutumira uthenga woti adzandigulireko foni.