Makina akalakwitsa, mlandu ngwa yani?

Shafiti ya chigayo ikathyoka ku Champhira, mwini chigayo amainyamula kupita nayo kwa mmisiri wa lathe. Mmisiriyo amamanga chitsulo pamakina, dzanja lili pachogwirira, khutu likumvetsera kulira kwa mpeni. Mpeni ukayamba kubuntha amaumva asanauone. Akalakwitsa, wawononga chitsulo chimodzi, ndipo aliyense amadziwa dzanja limene lalakwitsa.

Koma anyamata ambiri a ku Mzimba amakwera basi pa Jenda ulendo wa ku Joni, ndipo amene amapeza ntchito m'mashopu a zitsulo, monga a ku Germiston kapena Boksburg, amakumana ndi makina a mtundu wina, otchedwa CNC. Makinawa sayendetsedwa ndi dzanja. Amatsatira malangizo olembedwa pakompyuta. Anayamba ku America, kumene John T. Parsons anaganiza zoyendetsa makina ndi manambala, ndipo mu 1952 akatswiri a ku yunivesite ya MIT anaonetsa makina otere akuwerenga malangizo pa tepi yobooledwa timabowo.

Mnyamata amayamba ndi kusesa zinyenyeswa za zitsulo. Kenako amaloledwa kumanga chitsulo ndi kudina batani. Akakhala wakhama amaphunzira chilankhulo cha makinawo: M03 amazunguza chitsulo kapena mpeni, G01 amayendetsa mpeni pang'onopang'ono ukudula, G00 amauthamangitsa pamene sukukhudza kanthu, M30 amatseka pulogalamu. Tsiku lina abwana amamupatsa makiyi n'kumuuza kuti ndiye kapitawo. Apa mpamene funso limabwera, ndipo ndi funso la chikumbumtima. Ngati chitsulo chadulidwa iye ali kunyumba mtulo, mnzake ndiye anadina batani, makina ndiwo anadula, cholakwa chikapezeka mlandu ngwa yani?

Anthu ambiri amathamangira kunena kuti makina alakwitsa. Zimachitika ndithu kuti makina amawonongeka, koma kawirikawiri CNC imachita ndendende zimene yauzidwa. Munthu akalemba Z-50. pofuna Z-5., mpeni umalowa kakhumi kuposa pamene umayenera kulekezera. Akaika G00 pamalo a G01, mpeni umagunda chitsulo ndi liwiro lonse. Choopsa kwambiri ndi cholakwa chaching'ono chosachititsa phokoso, monga bowo loposa muyeso ndi kachigawo ka milimita. Makina amachibwereza pa zitsulo zonse za usikuwo mosadandaula, ndipo zitsulozo zimakaikidwa m'mapampu ndi m'magalimoto a anthu amene mmisiriyo sadzawaona.

Chilamulo cha Mose chinalingalira kale za ngozi yochitika mwini ntchito palibe. Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kumanga kampanda kuzungulira denga, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale panyumba yake. Pa Eksodo 21:33-34, wokumba dzenje n'kulisiya losavindikira ndiye alipire ng'ombe kapena bulu wogweramo. Wokumbayo sanakankhe ng'ombeyo, mwina anali kutali pamene imagwa, koma chilamulo sichimumasula. Pulogalamu yosayesedwa bwino ili ngati dzenje limenelo, ndipo woilemba sangadzichotse pa mlandu ponena kuti dzanja lake silinakhudze chitsulo.

Pali zovuta zina zimene sitingazibise. Nthawi zina chojambula chimabwera cholakwika kuchokera kwa injiniya. Nthawi zina abwana amafuna katundu atuluke lero, ndipo Mmalawi amene mapepala ake sali bwino amaopa kutsutsa kuopa kuchotsedwa ntchito. Mlandu wa abwana otere ndi waukulu kuposa wa wantchito. Komabe pali zinthu zimene zili m'manja mwa kapitawo yekha: kuyendetsa pulogalamu yatsopano m'malere mpeni usanakhudze chitsulo, kuiyendetsa mzere umodziumodzi, ndi kuyeza chitsulo choyamba ndi micrometer asanalole kuti zinazo zidulidwe. N'chifukwa chake amene anayambira pa lathe ya manja amakhala wolemba mapulogalamu wodalirika. Amadziwa mmene chitsulo chimatenthera ndi mmene mpeni umanjenjemerera, zimene manambala a pakompyuta sanena.

Udindo wa kapitawo ukukhudzanso mnyamata wodina batani uja. Pa Eksodo 35, Bezaleli ndi Oholiabu anapatsidwa luso la ntchito zamanja pamodzi ndi mtima wophunzitsa ena. Kumpoto kuno zimenezi n'zodziwika: sukulu ya Overtoun imene Robert Laws anatsegula ku Livingstonia mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi Baibulo, ndipo ophunzira ake anamwazikana mpaka ku migodi ya kumwera. Kapitawo amene amabisa luso lake poopa kulandidwa malo amasiya mnzake akuyendetsa makina amene sakuwamvetsa. Mnzakeyo sangazindikire kuti mpeni wabuntha kapena kuti muyeso wasuntha, ndipo akavulala, kubisako kuli ndi gawo pa ngoziyo.

Choncho mwana wa ku Champhira amene walandira makiyi a shopu asalole pulogalamu kuyenda usiku asanayeze yekha chitsulo choyamba, ndipo asapite kunyumba asanamufotokozere wotsala pamakinayo tanthauzo la mzere uliwonse ndi nthawi yoyenera kuwaimitsa.