Mwini khichini ndani, wogula malata kapena wophika?

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Angónia, cimanga cili m'nkhokwe ndipo ndalama za fodya ndi za kacewere zayamba kulowa m'matumba, mauvuni a njerwa amafuka m'mphepete mwa madambo. Pamsewu mumakumana ndi njinga zonyamula malata, zocokera ku Ulongwe kupita kumidzi ya ku Domwe ndi ya kufupi ndi malire a Calomue. Nyumba yogona ndiyo imayamba kufoleredwa. Caka cina, zokolola zikayendanso bwino, bambo amayang'ana kanyumba ka udzu kakuda ndi mwaye kuseri kwa nyumba, nati: «Aka kakutinyozetsa, caka cino tikagwetsa.» Ena timati khichini, ena kozinya, malinga ndi mbali ya malire imene tinaphunzirira kulankhula. Mawu a bambowo ndi abwino, ndipo amacokera mumtima wabwino. Koma kawirikawiri munthu amene amakhala m'kanyumbako kuyambira mbandakuca mpaka usiku amangouzidwa, safunsidwa. Funso langa lili pamenepa: kodi ndi cilungamo kucitira munthu zabwino popanda kumufunsa, pamene mavuto a zabwinozo adzasenza ndi iyeyo?

Khichini yakale imagwa m'mawa umodzi. Anyamata awiri amasasula udzu, nakankha zipupa, dzuwa lisanafike pamutu patsala mulu wa dothi. Yatsopano ndiyo imatenga miyezi. Pakati pa masiku awiriwa anthu ayenera kudya, ndipo mafuwa amasamukira pansi pa mtengo wa mapicesi kapena kuseri kwa nkhokwe. Amene anaphikapo panja m'Julayi kumapiri kuno akudziwa. Mwera umakankhira moto kumbali, mphika umapsa mbali imodzi, nkhuni zimene zikanakwana sabata zimatha masiku atatu, ndipo nkhunizo masiku ano sizili pafupi. Ufa umauluka m'cipande usanafike mumphika. Nsima imalowa mcenga, ana nadandaula, bambo nafunsa cimene calakwika. Ukangotembenuka kuti utenge mcere, nkhuku yalowa m'licero, galu ali pa mphika wa ndiwo. Miphika, mitsuko ndi thumba la ufa zimagona m'cipinda pamodzi ndi anthu, makoswe nazitsatira komweko.

Pamwamba pa izi pali mmisiri. Madzi ake opondera dothi amatunga ndi mayi yemweyo, ndipo nsima yake yamasana imaphikidwa pa mafuwa omwewo a pamphepo. Zipupa zikafika m'ciuno, mmisiri amapita kumaliro, pocokera kumaliro wapeza nchito ina yolipira bwino kutauni. Akabwera, simenti yatha, ndalama za fodya zathanso, tidikire kacewere wa kudimba. Okutobala amafika ndi dzuwa lake, kenako mitambo ya Novembala. Mabanja angapo alowa m'dzinja mayi akuphika pansi pa pepala la pulasitiki lomangidwa pa mitengo inayi, zipupa zatsopano zikunyowa pambali popanda denga.

Koma cimene cimapweteka kwambiri si mphepo kapena mvula. Khichini, ngakhale yopendekeka, imasunga cinsinsi ca banja. Tsiku limene mulibe ndiwo, mayi amalowa m'kati, nasonkha moto, utsi nutuluka padenga monga pa nyumba zina zonse, ndipo wodutsa panjira sadziwa ngati mumphika muli nyama kapena madzi ndi mcere. Mukagwetsa zipupa zija mwaika mphika wa banja pabwalo. Aliyense wopita kucitsime amawerenga masiku amene mwadya cisoso cokhacokha. Tsiku limene mwapha nkhuku, ana a mudzi wonse amabwera kudzasewera pakhomo panu, ndipo simungawathamangitse. Bambo sazimva izi, poti nthawi yophika ali kudimba kapena kumsika. Manyazi onse amagwera amene wagwira mthiko.

Njira ina ndi kukaphikira kwa wina. Kumene kuli cikamwini, mkazi ali pamudzi pa amayi ake, ndipo kubwerera ku mafuwa amene anaphunzirirapo kuphika sikuvuta kwenikweni, ngakhale kumeneko amasandukanso mwana wouzidwa kuti moto wacepa. Wa citengwa ndiye amaona zakuda. Iye amakagwada pa moto wa apongozi, kudikira kuti iwo aphule, kugwiritsa nchito cipande ca eni, kumva kuti mafuta akuthira ambiri. Makolo athu sanali opusa pamene ankapatsa mkazi wokwatiwa mafuwa akeake. Ankadziwa kuti akazi awiri pa moto umodzi amatha kukondana sabata imodzi, koma mwezi wacitatu nkhani imafika kwa ankhoswe.

Tsono tisamunamizire bambo uja. Iye ali ndi mlandu wake wabwino, ndipo tiyenera kuumva. Analima fodya miyezi yambiri, ndalama sanakamwere kumsika, anagula malata. Udzu wofolerera ukusowa, poti madambo asanduka madimba, ndipo denga la udzu limafuna kukonzedwa pafupipafupi. Tonse tinaonapo khichini ya udzu ikuyaka, nitengera nkhokwe ndi nyumba yomwe. Cacikulu ndi utsi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, limene m'Cipwitikizi amalicha OMS, linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono. Mwana ali kumbuyo kwa mayi wake amapuma utsi womwewo. Amayi athu okalamba amene maso awo amangotuluka misozi, amene amatsokomola usiku wonse, timati ndi ukalamba, pamene ndi zaka makumi anayi za m'kanyumba kopanda zenera. Mukawafunsa adzakuuzani kuti utsi anazolowera. Munthu amazolowera ndi cimene cikumupha comwe. Conco sindinganene kuti wophika amalondola nthawi zonse, kapena kuti zakale zisiyidwe mmene zilili.

Komabe taonani zimene zimacitika wophika akapanda kufunsidwa. Udzu umatulutsa utsi paliponse, malata satulutsa. Mmisiri akamanga zipupa za njerwa mpaka kugunda denga, osasiya mpata pamwamba, khichini yatsopano imakhala ndi utsi woposa yakale ija. M'mawa wa cisanu malata amacita thukuta, madontho akuda a mwaye nagwera mu ufa. Citseko cimaikidwa moyang'ana kumsewu kuti anthu aone, pamene mayi akanafunsidwa akananena mbali imene mphepo imacokera, poti iye ndiye wakhala akulimbana nayo. Pansi amaika simenti yosalala, yokongola, koma yozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo moto ukasonkhedwa pamenepo imang'ambika. Nsanja ya pamwamba pa moto imaiwalika. Pansanjapo ndi pamene ankasungira cimanga ca mbewu, nyemba ndi mfutso, utsi nuthamangitsa anankafumbwe. Bambo sanaione nsanjayo ngati kanthu, anangoona timitengo takuda.

Mapeto ake mwawaona nokha m'midzi yathu. Khichini ya malata imaima mokongola, ili ndi loko, m'kati muli matumba a feteleza, kacewere wa mbewu ndi njinga yamoto. Kuseri kwake kuli kacisakasa ka udzu, ndipo utsi ukutuluka mmenemo. Mayi sanakangane ndi munthu. Anathokoza, anaombera m'manja, nabwerera kumene angathe kuphika. Bambo amakhumudwa, nati akazi sayamika. Ine ndikuona kuti cimene anamanga ndi sitolo, ndipo anailipira ndi miyezi isanu ya mkazi wake pamphepo.

Pali umwini wa mitundu iwiri pamenepa. Wina ndi wa amene watulutsa ndalama, wina ndi wa amene amadziwa malowo ndi thupi lake: maso, msana, mawondo. Woyambawo uli ndi mboni, poti lisiti la malata lilipo ndipo aliyense anaona njinga ikufika. Waciwiriwo ulibe pepala, n'cifukwa cake umaponderezedwa mosavuta. Koma popanda waciwiriwo ndalama zimamanga cinthu colakwika, monga taonera. Ndipo ngakhale bambo atalota bwino, namanga khichini yabwino ndithu popanda kufunsa, ndikuganiza kuti pali cimene walanda. Mphatso imene sungaikane, sungaisinthe, ndipo uyenera kuivutikira miyezi ingapo kenako n'kuthokoza, ili ndi fungo la lamulo. Akulu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu ndi woona kwa amene analira mvulayo. Pano wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina.

Ife a dziko lino nkhani imeneyi sitiyenera kuphunzitsidwa ndi alendo. Titalandira ufulu m'caka ca 1975, anthu m'madera ambiri anasamutsidwira kumidzi ya pamodzi, ija inkachedwa aldeias comunais. Colinga cinanenedwa bwino: sukulu pafupi, cipatala pafupi, madzi pafupi. Ambiri mwa okonza mapulaniwo ankafunadi zabwino. Koma amene anasiya minda yao, mitengo ya zipatso ndi manda a makolo sanafunsidwe mokwanira, ndipo kuwawidwa mtima kwao kunakhala zaka. Nkhondo itakula, mabanja a kuno anawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, amayi naphika panja pa malo a eni mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndi kubwerera kumene kunatsatira. Abambo amene amakumbukira zimenezi amalankhula mowawidwa za akuluakulu oganizira anzao ali kutali. Ndi zodabwitsa kuti munthu yemweyo, akafika pakhomo pake, amasanduka wamkulu wotere pa kanyumba ka mamita atatu.

Masiku ano palinso mwini wacitatu, mwana amene ali ku Tete, ku Beira kapena ku Johannesburg. Iye amatumiza ndalama pafoni, nauza mlongo wake kuti amayi asamaphikenso m'kanyumba kaja. Cikondi cake ndi ceniceni, ndipo thukuta la ndalamazo ndi lake. Koma amafuna cithunzi pa WhatsApp, ndipo cimene cimaoneka bwino pa cithunzi ndi penti ndi matailosi. Ndalama zimabwera mwezi uno, mwezi wamawa nchito yavuta kumeneko, zipupa n'kuima. Mayi sangadandaule kwa mwana amene akuvutika kucilendo cifukwa ca iye. Foni ikalira amati zonse zili bwino, ali cikhalire pa njerwa pansi pa mtengo, akuteteza moto ndi citenje.

Wina adzati: mukafunsa aliyense simumanga kanthu. Zoona zake, kufunsa sikutanthauza kumvera zonse. Koma pali mafunso amene mwini ndalama alibe ufulu wowayankha yekha, cifukwa mayankho ake adzakhala pa msana wa wina. Tigwetse liti? Pakadali pano moto ukhala pati? Madzi a mmisiri atunga ndani? Kodi simenti ndi malata onse alipo kale, kapena tikudalira kacewere amene sanakumbidwe? Abambo ambiri amagwetsa yakale poyamba cifukwa akufuna malo omwewo ndi mitengo yomweyo. Ena, kunena moona, amagwetsa kuti adzikakamize, poti akaona mkazi akuphika panja sadzadya ndalamazo. Kumeneko ndi kumuika mkazi cikole pa kufooka kwa mwamuna. Kusuntha maziko mapazi khumi kuti yakale iime mpaka yatsopano itafoleredwa sikufuna metikali ngakhale imodzi. Pamene malo ndi ocepa, cisakasa ca udzu cochinga mphepo ndi maso a anthu ndi nchito ya tsiku limodzi. Bambo amene wayamba ndi cisakasa cimeneco, asanagwire khasu logwetsera, ndiye amene ndimamukhulupirira akamati akumangira mkazi wake.

Nkhani yovuta ndi ya agogo. Tinene kuti afunsidwa mwaulemu, ndipo akana zonse. Zenera sakulifuna cifukwa limalowetsa cisanu. Mbaula yadothi ija anzathu a ku Malawi amaicha citetezo, imene imadya nkhuni zocepa, sakuifuna cifukwa singaothedwe ndi anthu asanu nthawi imodzi. Iwo akufuna mafuwa atatu ndi citseko cotseka, ndipo pa zifukwa zao sakunama: usiku wa Juni kuno ndi wozizira, ndipo pa moto umenewo ndi pamene adzukulu amamvera nthano. Akanakhala okha, ndikanati asiyeni, munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha utsi wake. Koma pamiyendo pao pali mdzukulu wa caka cimodzi amene wapita kale kucipatala kawiri ndi cifuwa, ndipo iyeyo sangafunsidwe. Pamenepo ine ndingaboole mpata pansi pa denga ngakhale agogo akukana. Ndingawauze ndisanaboole, ndili cikhalire pansi, osati kuwatumira mmisiri iwo ali kumunda. Malo a mafuwa, citseko, nsanja ndi dothi lozira pansi ndingawasiyire monga afunira, ndipo pa ndalama za penti ndingacotsepo ya bulangeti.